Foni ya ku America imene inakana 4G ya kwathu

Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Dedza, ndipo mu 2023 ndinali m'kati mwa maphunziro oonjezera, aja ophunzira uli kwanu. Manotsi ankabwera pa WhatsApp, ntchito tinkatumiza pa intaneti, ndipo tsiku lomaliza likadutsa khomo linkatsekeka lokha. Foni imene ndinali nayo inali yotchipa, galasi long'aluka pakona, batire losachedwa kutha. Koma inkagwira 4G, ndipo ine sindinkadziwa kuti chimenecho n'chuma.

Achemwali anga amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Atatopa ndi madandaulo anga anati, "Achimwene, musavutike, ndikugulirani ina kuno." Mu Ogasiti mnzawo wina ankabwera kumudzi kudzaona makolo, ndiye anamupatsira. Ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukailandira, K9,000 kupita ndi kubwera. Inali yatsopano, m'bokosi lake, galasi lalikulu, pulasitiki isanamatulidwe. M'minibasi pobwerera ndinaitulutsa kawiri konse kungoti ndiione.

Usiku umenewo nditaikamo SIM yanga, foni inalemba kuti ndilowetse nambala yotsegulira netiweki. Ndinayesa 0000, ndinayesa 1234. Mwamwayi ndinasiyira pomwepo, chifukwa ndinadzamva pambuyo pake kuti mafoni ena ukaphonya kangapo amadzitsekeratu. Vuto loyambali ndi lodziwika: makampani a ku America amagulitsa mafoni otchipa kwambiri koma omangidwa ku netiweki yawo, ndipo amawatsegula pokhapokha foniyo itagwira ntchito kwa iwo kwa nthawi, ena mpaka chaka chathunthu. Yanga inali isanaimbepo ngakhale kamodzi kumeneko, choncho achemwali atafunsa anawakanira.

Loweruka ndinabwerera ku Lilongwe, kwa anyamata okonza mafoni cha ku Malangalanga. Mmodzi anati K18,000, ndibwere pakatha masiku atatu. Masiku atatuwo anasanduka asanu ndi anayi. Tsiku lokaitenga ndinaikamo SIM pomwepo, timizere ta netiweki tinadzaza, ndinaimbira mayi a kunyumba, anayankha. Ndinamugwira chanza mnyamata uja ngati wandichiritsira mwana.

Apa m'pamene ndinalakwitsa kwambiri. Sindinayatse data. Ndinangoti poti ikuimba ndiye kuti zonse zili bwino. Ndipo mnyamata yemweyo atafunsa ngati foni yakale ija ndikuifunabe, ndinamugulitsa K30,000, n'kumadziona wochenjera kuti ndabweza ndalama yotsegulira. Inu musadzataye foni yakale musanaone ndi maso anu chilembo chimene chikutuluka pafupi ndi timizere data ili yoyatsa. Kuimba ndi intaneti zimatha kudutsa njira zosiyana, ina ili yotseguka ina yotseka.

Kunyumba ndinagula bandulo ya mwezi ya K10,000. Pamwamba pa foni panatuluka chilembo E. Ndinadikira kuti chisinthe. Sichinasinthe. Mauthenga olemba a pa WhatsApp ankalowa, koma chithunzi chinkangozungulira, ndipo buku la PDF limene aphunzitsi athu anatumiza linafika pakati n'kuima. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti E akuimira EDGE, intaneti ya pa 2G, imene ngakhale itachita bwino chotani sifika theka la megabiti imodzi pa sekondi. Ndinkangodziwa kuti foni yakale inkalemba 4G pampando womwewo.

Woyamba kumunamizira anali netiweki. Ndinati mwina nsanja yawonongeka, mwina ndi kuzimazima kwa magetsi. Koma Lolemba mu ofesi ya aphunzitsi mnzanga anaika kafoni kake kotchipa patebulo pafupi ndi yanga, kampani imodzimodzi, iye 4G ine E. Anaseka. "Achimwene, ya ku America ikadali ndi tulo ta m'ndege." Ndinaseka nawo koma mumtima munawawa.

Ndinaimbira ku kampani ya netiweki. Mayi amene anayankha anandithandiza moleza mtima, anandiwerengera za APN, zolemba zimene zimalumikiza foni ndi intaneti ya kampaniyo, ndinalemba chilembo ndi chilembo, ndinazimitsa n'kuyatsanso. E. Anaona kuti SIM yanga ndi ya 4G ndithu. Ndinatenga chiphaso cha unzika kukalembetsa SIM ya kampani inayo, ndi kabandulo koyesera, K3,000. E yemweyo. Pamenepo munthu woganiza akanaona kuti makampani awiri sangadwale matenda amodzi pa foni imodzi yokha, koma ine maganizo anali pa bokosi lokongola lija. Foni yatsopano, yochokera ku America, ingalephere bwanji zimene kafoni ka K40,000 kakuchita?

Mwana wa alamu anga, wa Fomu 4, anandionetsa nambala ina yobisika, *#*#4636#*#*, imene pa mafoni ambiri a Android imatsegula malo osankhira mtundu wa netiweki. Tinaikakamiza kuti igwire LTE yokha, imene ndi 4G. Timizere tonse tinazimiririka, ngakhale kuimba kunakanika. Tinasankha 3G yokha, chimodzimodzi. Yankho lonse linali pamenepo, foni inali ikundiuza yokha kuti mwa mafunde onse a 3G ndi 4G amene ali mumlengalenga kwathu palibe limene ikulimva. Ine ndinamva zina: ndinati pulogalamu ya m'kati ndi imene yasokonekera.

Ndi maganizo amenewo ndinapita kwa wokonza wachiwiri, ndipo ndinamufotokozera matenda ndi mankhwala omwe. Iye sanatsutse. Anati ifunika kuflasha, osati kuja koimba n'kudula, koma kufufuta pulogalamu yonse n'kuikamo ina. K20,000. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'ma 10 mpaka dzuwa kupendeka. Zithunzi za mwana wanga za pa ubatizo, zimene ndinali nditasamutsira m'menemo, zinapita. Titayatsa, E anatuluka ngati kuti sipanachitike kanthu. Mnyamata uja anati, "Bwana, ipatseni masiku awiri izolowere." Ndinamukhulupirira, chifukwa kukana kunali kuvomereza kuti K20,000 yapita m'madzi.

Sabata imeneyo m'pamene panali tsiku lomaliza lotumizira ntchito yaikulu ya teremu, fayilo ya ma MB 12 yokhala ndi zithunzi za zipangizo zophunzitsira. Ndinayamba kuitumiza 7 koloko madzulo. Inkafika pa 30 peresenti n'kuduka, ndiyambirenso. Cha m'ma 10 ndinatuluka panja, ndinakwera pachulu kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, foni m'mwamba, chisanu cha ku Dedza chikundilowa m'mafupa. Mnzanga wa kafoni kotchipa uja anali atapita kumaliro kwawo. 12 koloko inakwana ndili pa 64 peresenti. M'mawa ndinalemba kalata yopepesa, anandilola kutumiza mochedwa koma anandidula malikisi. Sindinauze munthu kunyumba. Achemwali akafunsa kuti foni ikuyenda bwanji ndinkati, "Ili bwino kwambiri, zikomo." Munthu wagwira ntchito usiku, kusamalira okalamba m'dziko la eni, kuti akugulire mphatso, ungamuuze bwanji kuti sikugwira?

Chakumapeto kwa Okutobala mnzanga uja anandilozera kwa bambo wina wachikulire amene ali ndi kashopu kokonza mafoni ndi ma wailesi, amene kale ankagwira ntchito yokwera nsanja za netiweki. Ulendo wachinayi wa ku Lilongwe. Bamboyo sanatsegule foni, sanailumikize ku kompyuta. Analowa mu Settings, pa About phone, analemba nambala ya model papepala, anaifufuza pa foni yawo, n'kunditembenuzira kuti ndiwerenge ndekha. Panalembedwa kuti LTE: band 2, 4, 5, 12, 14, 30. Pa 3G: 850, 1900, 1700/2100. Pa 2G: 850, 900, 1800, 1900.

"Aphunzitsi, foni yanuyi sikudwala," anatero. "Munakwerapo galimoto yochokera ku Japan, wailesi yake n'kumathera pa 90? Nyumba zoulutsa mawu zili pa 95, pa 100, pa 102, koma iyo sizigwira. Yawonongeka? Ayi. Anaipangira dziko limene FM yake inkayambira pa 76 kulekeza pa 90. Foni nayo ndi wailesi."

Anandifotokozera motere, ndipo ndikulemba monga ndinamvera ndi monga ndinadzawerengera pambuyo pake. Mawu oti 4G kapena LTE amangotchula kalankhulidwe ka foni ndi nsanja. Koma kalankhulidwe kameneko kamadutsa pa mafunde osiyanasiyana, ndipo gawo lililonse la mafunde analipatsa nambala, ndiye band imeneyo. Bungwe la ITU la ku Geneva, loona za matelefoni pa dziko lonse, linagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu pa nkhani ya mafunde: Africa ili pamodzi ndi Ulaya ndi Middle East, America ili payokha, ndipo mbali yaikulu ya Asia ndi Australia ili m'chigawo chachitatu. M'dziko lililonse muli bungwe logawa mafundewo kwa makampani, kwathu kuno ndi MACRA. Pachifukwa chimenechi zathu zimafanana kwambiri ndi za ku Ulaya: 2G pa 900 ndi 1800 MHz (muyezo wa mafunde), 3G pa 2100, ndipo 4G yofala kwambiri ndi ya pa 1800, imene ndi band 3. M'maiko ambiri a ku Ulaya ndi Africa mulinso band 20 ya pa 800. Ku America, m'malo mwa 900 ndi 1800 anatenga 850 ndi 1900, ndipo 4G yawo yambiri ili pa band 2, 4, 5, 12, 13, 66 ndi 71. Yanga inkaimba chifukwa pa 2G inali ndi mafunde onse anayi. Pa 3G ndi 4G inalibe ngakhale limodzi la kuno.

Ine uphunzitsi unandigwira. Ndinaloza papepala. "Bambo, mwati 3G yathu ili pa 2100. Apa palembedwa 1700/2100. Si yomweyo?"

Anamwetulira ngati munthu amene funsolo analiyankhapo kambirimbiri. Anatenga pensulo najambula mizere iwiri. Pa ma band ambiri pali njira ziwiri, ina yoti foni ilankhulire kwa nsanja, ina yoti nsanja iyankhire. Pa band 1, imene ndi 2100 yathuyi, foni imalankhula pakati pa 1920 ndi 1980, nsanja n'kuyankha pakati pa 2110 ndi 2170. Pa band 4 ya ku America, nsanja imayankha pakati pa 2110 ndi 2155, zofanana ndithu, koma foni imalankhula pakati pa 1710 ndi 1755. "Khutu lili pamalo pake, koma pakamwa paloza kwina. Nsanja ya 3G sikumvetsera kumeneko." Chodabwitsa n'choti 1710 imeneyo ndi pamene foni ya band 3 imalankhulira, kungoti yankho la band 3 limabwera pakati pa 1805 ndi 1880, kumene band 4 simvetsera. Ndiye foni yanga inali ndi theka la njira iyi ndi theka la njira inayo, osakwanira kulikonse.

Kuyambira tsiku limenelo sindikhulupirira nambala ya MHz yokha. Ngakhale 800 si imodzi: ya ku Ulaya ndi band 20, koma ku Japan ali ndi 800 yawo pa band 18 ndi 19, ndipo sizimvana. 700 ya ku America ya band 12 ndi 13 si 700 ya band 28 imene maiko ena amagwiritsa ntchito. Choyenera kufananitsa ndi nambala ya band.

Ndinafunsa funso limene aliyense amafunsa: nanga sangaikemo band 3? Pa wailesi ya galimoto ija amagulitsa kachipangizo kosinthira mafunde, n'kumangirira kuseri. Bamboyo anapukusa mutu. Band iliyonse imafuna tizipangizo take m'kati mwa foni, tosefa ndi tokweza mphamvu ya mafunde, tomatidwa pa bolodi ku fakitale. Ngati sanatiikemo, palibe pulogalamu imene ingatilenge. "Amene anakuuzani zoflasha anakudyerani, kapena naye sadziwa." Iwo anandilipiritsa K2,000, ndipo ntchito yonse sinakwane mphindi makumi awiri.

Anandiuzanso chimene ndikanakonda kumva pa tsiku loyamba: matenda atatu a foni yochokera kunja amaoneka ngati amodzi. Ikakhala yomangidwa ku kampani, imapempha nambala yotsegulira kapena kukana SIM poyera, ndipo zimenezo zimatheka kukonza. Ikakhala yoti inabedwa kapena ili ndi ngongole, nambala yake ya IMEI, imene imatuluka ukaimba *#06#, imakhala pa mndandanda wa zoletsedwa, ndipo munthu wanzeru saigula. Ikakhala yosowa ma band, imalandira SIM bwinobwino, mwina n'kumaimba, koma intaneti imakakamira pa E kulikonse ungapite. Ine ndinachiza oyambawo n'kuganiza kuti ndamaliza.

M'minibasi ndinawerengera kuseri kwa lisiti. Maulendo anayi K36,000, kutsegula K18,000, kuflasha K20,000, bandulo imene inatha masiku ndisanadye ngakhale kotala K10,000, SIM yachiwiri K3,000, bambo aja K2,000. Zonse K89,000, osawerengera foni ya 4G imene ndinaitaya pa K30,000.

Usiku umenewo ndinabwereka foni ya mnzanga n'kuimbira achemwali pa WhatsApp. Ndinayamba mozungulira, za mvula, za amayi, kenako ndinanena. Anakhala chete pang'ono. "Miyezi iwiri yonseyi, achimwene? Bwanji osanena?" Ndinati ndinkaopa kuoneka wosayamika. Anati iwo anangolowa m'sitolo n'kufunsa foni yabwino yotsika mtengo, ndipo wogulitsayo sanafunse kuti ikupita kuti. Mwa ife awiri panalibe amene ankadziwa kuti pali funso loti lifunsidwe. Safunsa anadya phula, koma kuti ufunse uyenera kudziwa kaye kuti pali phula.

Ndisanamizire mafoni onse a ku America. Odula, monga ma iPhone ndi ma Galaxy apamwamba, amakhala ndi ma band ambirimbiri, kuphatikizapo 1, 3 ndi 20, ndipo amagwira kuno bola akhale otsegula. Ovuta ndi otchipa aja opangidwira kampani imodzi, chifukwa kuti mtengo utsike amaikamo ma band a kampaniyo basi. Ndipo dzina la foni silokwanira. Foni ya dzina limodzi imatuluka mitundu ingapo malinga ndi dziko. Pa Samsung, mwachitsanzo, nambala ya model yothera ndi U kapena U1 ndi ya ku America, W ya ku Canada, N ya ku Korea, pamene F ndi B ndi zimene zimagulitsidwa ku Ulaya, Africa ndi maiko ena ambiri. Nambala yonseyo, mpaka chilembo chomaliza, ndi imene muyenera kupempha m'bale wanu akutumizireni asanalipire. Mukailemba pa tsamba la pa intaneti la GSMArena kapena pa tsamba la kampani yopanga foniyo muona ma band ake, kenako mufunse ku shopu ya netiweki yanu kuti 4G yawo ya m'dera lanu ili pa band iti. Ndikuti m'dera lanu chifukwa mafunde otsika, monga 800 ndi 900, amafika patali ndipo amalowa bwino m'nyumba, pamene okwera monga 2100 ndi 2600 safika patali, choncho zimene nsanja ya m'tauni ikuulutsa sizikhala zofanana nthawi zonse ndi za kumudzi. Foni ingakugwirireni 4G ku Area 3 n'kukakukanani kwanu.

Bambo aja anandionetsanso kabokosi ka mafoni amene anthu anawasiyira osabweranso kudzatenga. Ena anali a CDMA, mtundu wina wa netiweki umene makampani ngati Verizon ndi Sprint ankagwiritsa ntchito ku America, ndipo akale ake analibe n'komwe malo oikamo SIM. Makampani akuluakulu a kumeneko anazimitsa 3G mu 2022. Ku Japan ndi ku South Korea nako GSM, imene ndi 2G yathuyi, sanakhale nayo. Ndipo kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022, ma iPhone ogulitsidwa ku America alibe kabowo ka SIM, amayendera eSIM yokha, SIM yomangidwira m'kati mwa foni, ndiye musanalandire yotere yambani mwafunsa ngati kampani yanu ikupereka eSIM.

Foni yanga ndinaganiza zoigulitsa. Wina anafuna kupereka K70,000 atangoiona, ndipo ndikanangokhala chete akanatenga, chifukwa akanayesa kuimba basi monga ndinachitira ine. Ndinamuuza za E. Anatsika mpaka K35,000, ndinakana.

Ndinapeza foni ina m'shopu, yopangidwira msika wa kuno, pa K115,000. Ndalama zinali zosakwana, ndinati ndidikire malipiro a Novembala. Kumayambiriro kwa mwezi umenewo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Nditabwerera kumapeto kwa mwezi, foni yomweyo anali atailemba K160,000. Ndikanapita kwa bambo aja mu Seputembala, ndalama zimene ndinamwaza m'njira zikanatsala pang'ono kuigula pa mtengo wakale. Achemwali anatumiza yoonjezera, ndinachita manyazi koma ndinalandira.

M'shopumo ndinachita zimene wogulitsa sanazikonde. Ndinapempha bokosi, ndinawerenga nambala ya model, ndinaifufuza, ndinaona band 1, 3, 8 ndi 20. Kenako ndinati aitsegule ndiikemo SIM yanga ndisanalipire. Anati katundu akatsegulidwa ndiye kuti wagulidwa. Ndinati ikalemba 4G ndigula, ikalemba E ndalama yanga sindisiya. Anayang'ana mnzake, n'kung'amba pulasitiki. Inalemba 4G. Ndinatumiza chithunzi kwa achemwali ndili chiimire pa kauntala, chinapita nthawi yomweyo, ndipo m'pamene ndinawerenga ndalama.

Ya ku America ija ikadalipo. Pa Wi-Fi imathamanga bwino kwambiri, ndiye madzulo ndimayatsa hotspot pa yatsopanoyi, ana n'kumaonera maphunziro awo pa galasi lalikulu lija. Mwezi watha alamu anga a ku Johannesburg analemba kuti akufuna kugulira apongozi foni. Za ku South Africa nthawi zambiri sizivuta, poti tili m'chigawo chimodzi cha mafunde, koma kumeneko nakonso amagulitsa za kaunjika zochokera kutali. Ndinawauza kuti ajambule kaye nambala ya pabokosi. Anajambula, inathera ndi U, ndipo anaibweza pashelefu.